Wamkulu Ndani, Ine Kapena Tomasi?

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera kwathu, kufupi ndi Massangulo, nkhondo itatha. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mutu waukulu, nzeru zochepa. Kapela yathu tinaipeza yopanda denga, mkati mutamera nsatsi. Anthu anaimata n'kuifolera, ngakhale Asilamu oyandikana nafe anasenza nawo nsungwi. Kenaka kunamveka zoti padiri akubwera kuchokera ku Cuamba kudzaidalitsa, ndipo akatekisita athu, a Bernardo, anakonza sewero la Yohane Mbatizi.

Uyohane anandipatsa ine chifukwa cha kukhosi. Kumalire ndinkagulitsako nthochi, ndiye kufuula ndinkakudziwa kuposa kuwerenga. Vuto linali pa Yesu. Anasankha mng'ono wanga Tomasi, mwana wamamina wobadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, amene ndinamubereka mpaka msana kuwawa. Iye analibe mawu oloweza, kwake kunali kungoima. Ine ndinayenera kumugwadira, kukhudza zingwe za nsapato zake n'kunena kuti sindiyenera ngakhale kuzimasula, pakuti iye ndi wamkulu kuposa ine, analipo ine ndisanabadwe.

Tsono inu mukudziwa, kwathu mng'ono ndiye amagwadira mkulu wake. Poyeserera ndinkangomeza mawuwo, bondo lili m'malere.

Tsikulo kapela inadzaza, monse fungo la udzu watsopano ndi thukuta. Anandiveka chikopa cha mbuzi choyabwa. Ndikulowa, mnzanga wina pakhomo anandinong'oneza kuti, "Lero tikuona ukugwadira wokodza pamphasa."

Poyamba zinayenda. Ena a m'sewerolo atandifunsa ngati ndine Mpulumutsi ndinakana mwamphamvu, mpaka padiri anagwedeza mutu. Kenaka Tomasi analowa, atakulungidwa nsalu yoyera ya amayi, kuphazi nsapato zamatayala zobwereka zomukulira, akuyenda pwa pwa. Anaima patsogolo panga n'kudikira. Ndinayang'ana kukhomo, ndinaona mano a anzanga aja.

"Uyu?" ndinatero ndi mawu ogulitsira nthochi aja. "Analipo ndisanabadwe? Bodza. Tsiku lobadwa iyeyu azamba ndinakaitana ndine."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'nthiti. Ine mtima unatupa ndi kunyada. Koma Tomasi sanaseke. Anandiyang'ana, anayang'ana kumapazi kwake. M'kamutu kakeko anaganiza kuti ndakwiya chifukwa iye wavala nsapato ine ndilibe. Anagwada pa dothi lozira la m'kapelamo, anamasula yekha zingwe n'kuika nsapatozo pamapazi panga.

"Tengani, achimwene, musakwiye," anatero.

Kuseka kunaduka. Ndinaona amayi akuphimba nkhope ndi mpango. Asilamu aja, amene tinawaitana kuti adzaone chimene timakhulupirira, anangowerama. Ine ndinaima ndi chikopa changa cha mbuzi, Yesu atandigwadira, ndipo sindinadziwe koika maso.

Ndinkayembekezera chikwapu, koma sichinabwere, ndipo bwenzi zitakhala bwino chikanabwera. Anthu atabalalika, a Bernardo anandiitanira kuseri kwa kapela.

"Azamba unakaitanadi, sindikutsutsa," anatero. "Kodi ukudziwa kuti Yohane nayenso ndiye anayamba kubadwa? Akanafuna akananena ngati iwe, ndipo anthu akanamuwombera m'manja, poti ankamutsatira ambiri. Koma ankadziwa kuti uja wabwera pambuyoyo analipo kusanakhale mimba, kusanakhale azamba, kusanakhale phiri ilo ukulionalo. Ntchito yake inali kuloza chala. Iwe chala wachilozetsa pachifuwa pako."

Anandisiya pomwepo, iwo n'kupita kukathandiza padiri kumanga katundu.

Sukulu ine ndinailekera panjira, ndipo za Mulungu wopanda chiyambi sindinganamize kuti ndimazimvetsa mpaka pansi. Chimene ndikudziwa lero, imvi zili mbuu, n'chakuti mawu akuti wamkulu ali pawiri. Pali ukulu wotsogola kubadwa, umene ngakhale chitsiru chimaupeza osaugwirira ntchito, ndipo umenewo ndi umene ndinali nawo ine. Winawo sufuula. Ndinapatsidwa mpata woulozera anthu ndi chala, ndinakana, ndiye unagwada wokha pamaso pa mudzi wonse n'kundipempha kuti ndisakwiye.