Chitupa cha Amalume

Ku Barbourfields, lokishi ya ku Bulawayo, aliyense ankamudziwa kuti Gibson wa ndege. Mayi ake anamutcha Bashiri, koma dzinalo ankalikumbukira mkazi wake Hadijah yekha, nayenso akapsa mtima basi.

Dzina la Gibson analipeza m'chitupa. Masiku amenewo anthu a kwawo, kwa Kawinga, ankasiyirana chitupa ngati khasu. Munthu akabwerako kumigodi chifuwa chitatha, ankapatsa mphwake pepalalo kuti nayenso akayese mwayi. Bashiri ananyamuka mu 1959 ali ndi zaka 17, m'thumba muli chitupa cha amalume ake. Amalumewo nawonso sanali Gibson, anachita kulandira kwa wina. Gibson weniweni palibe anamuonapo, koma pepala linkati anabadwa mu 1928. Wapolisi wa pachipata anangoyang'ana chidindo n'kumukodola kuti adutse. Nkhope ya munthu wakuda, ndani ankataya nayo nthawi?

Ntchito anaipeza pa kabwalo ka ndege kunja kwa Bulawayo, pomwe azungu anali ndi kalabu yawo yophunzitsirana kuuluka. Anayamba ndi kuthamangitsa nkhanga ndi ng'ombe panjira ya ndege. Kenako anamupatsa chisanza ndi ndowa, kenako paipi ya mafuta. Pofika 1980, chaka cha ufulu wa dzikolo, ankadziwa tindege tonse tinayi ta kalabuyo kuposa eni ake. Injini ikangolira, iye ali kutali, ankanena pamene padwala, ndipo makaniko akatsegula ankapeza zomwezo. Mphunzitsi wamkulu, mzungu waimvi amene onse ankamutcha Kaputeni, ankamulola kuyendetsa ndege pansi, kuchoka m'shedi kukafika pa pampu. Zaka makumi awiri akuyendetsa pansi! Matayala ake sanachokepo pafumbi ngakhale tsiku limodzi.

Lamlungu pabwalopo pankakhala ngati pamsika. Anthu a m'malokishi ankabwera kudzakolekera zala pawaya, amayi akuwotcha chimanga, azibambo akutsutsana ngati ndege ili ndi giya yobwerera m'mbuyo. Mkangano ukakula ankaitana Gibson kuti adule mlandu. Iye ankabwera ndi ovolosi yake yonunkha mafuta, akuyenda mwamatama pang'ono, tisabise. Ankafotokoza za mphepo ndi mapiko ngati munthu amene anagonako kumwambako.

Mu 1981 kalabu inakhoma chikalata pakhomo. Anthu ena akufuna kwabwino anali atalonjeza kuphunzitsa anthu akuda anayi kuyendetsa ndege, kwaulere. Zofunika zinali zitatu: kuwerenga Chingerezi, maso abwino, ndi zaka zosapitirira 40. Chingerezi anali nacho, cha kusukulu ya madzulo. Maso ake ankaona nkhanga kumapeto kwa bwalo. Zaka zake zinali 39.

"Iwe ndiwe woyamba, Gibson," anatero Kaputeni. "Bweretsa situpa mawa tilembe."

M'mawa mwake Kaputeni anachitembenuza chitupacho kawiri, n'kuvula magalasi.

"Zaka 53? Iweyo?"

"Pepalalo ndi lalikulu kuposa ine, bwana."

"Ndikuona. Koma amene akulipira sakudziwa nkhope yako, adzawerenga pepala. Kalikonzetse. Malo ndikusungira mpaka kutha kwa mwezi."

Madzulo Bashiri anauza mkazi wake kuti apita ku ofesi ya zitupa kukanena zoona. Dziko lamasuka, anatero, bodza la atsamunda lithe nawo. Hadijah ankasita yunifolomu ya mwana wawo Tabu. Anaika simbi pansi.

"Bambo a Tabu, khadi la nyumba ino lili m'dzina la ndani?"

"La Gibson."

"Setifiketi ya Tabu ikuti bambo ake ndani? Nanga mukakanena kuti Gibson kulibe, ife tikhala a ndani? Hayi, Bashiri. Inu muuluke, ife katundu ali panja?"

Koma mtima ukafuna chinthu sumva, ndipo Lolemba Bashiri anavala jekete n'kukaima pamzere. Anaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Patsogolo pake panali mkulu wina wa kumudzi komweko, amene anafika pawindo n'kuulula nkhani yofanana ndi yakeyo. Bashiri anamva zonse. Kalaliki anati abweretse kholo lodzachitira umboni, kapena kalata yochokera kumene anabadwira, ndipo podikira zimenezo chitupa chakalecho chitsale mu ofesi. Mkuluyo anatuluka manja ali lende, wopanda dzina lakale, wopanda latsopano. Bashiri mayi ake anali atamwalira kalekale, amalume akenso chimodzimodzi. Wotsala woti n'kulumbira kuti iye ndi Bashiri anali Hadijah yekha, amene sankafuna.

"Ibizo lakho, baba?" kalaliki anafunsa dzina, osadzutsa mutu.

Bashiri anaganiza za Tabu ndi yunifolomu yake yositasita.

"Gibson," anatero.

"Mukufuna chiyani?"

"Palibe. Ndasokera mzere."

Malo ake anapatsidwa kwa Christobel, namwino wa ku Nketa, mdzukulu wa anthu a kumudzi yemwe Chichewa ankamva koma poyankha ankathawira ku Chindebele. Mtsikanayo analibe mlandu, ndipo Bashiri sanamusungire kanthu kukhosi. Ndi iye anamuphunzitsa kuyang'ana madzi m'mafuta, kugwedeza phiko, kumvetsera injini asanakhulupirire mawotchi a m'ndege. Pa kalabupo panali mwambo woti wophunzira akauluka yekha koyamba, potsika amuthire ndowa ya madzi. Tsiku la Christobel, anthu a pawaya analulutira mpaka nkhanga kubalalika. Wonyamula ndowayo anali Bashiri. Anamuthira akuseka, kenako anakakhala kuseri kwa shedi, ndowa ili pakati pa miyendo, ndipo analira ngati pamaliro.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, koma pepala lija linali lisanamalize naye. Lamulo la kalabu linkati wantchito akakwanitsa zaka 55 apume. Mu 1983 Gibson anazikwanitsa. Kaputeni anali atapita kale kukakhala ndi ana ake kunja, ndipo amene analowa m'malo mwake ankangodziwa za m'faelo. Anamukonzera kaphwando ka mabanzi ndi zakumwa, anayankhula mawu okoma okhaokha, n'kumupatsa mphatso yokutidwa bwino. Atamasula anapeza ndodo yoyendera, ya mutu wa mkuwa. Munthu wa zaka 41, mano onse ali m'kamwa.

Christobel anachita manyazi. "Khulu, bwerani ndikukwezeni, kamodzi kokha. Mukaone Barbourfields kuchokera phezulu, kumwambako."

"Zikomo, mwanangu," anatero Bashiri. "Mpando wa alendo sindiufuna."

Anayesa kufuna ntchito ku mafakitale a ku Donnington. Kulikonse akapitawo ankamuyang'ana mapewa n'kukondwa, akaona chitupa n'kumubwezera. "Kapumeni, madala, mwagwira kokwanira." Anthu a mumsewu mwake nawonso anayamba kunong'onezana kuti mkulu wopuma ntchito uyu bwanji amathamangira basi ngati mnyamata. Hadijah anamva manong'onong'owo kumpopi, anabwera akuti tsiku lina zidzafika m'makutu mwa a kanselo, eni nyumba.

Kuyambira pamenepo Bashiri anayamba kutenga ndodo ija potuluka. Poyamba ankangoinyamula. Kenako anaphunzira kuitsamira, kuwerama pang'ono, kukoka mwendo pokwera khonde, mpaka manong'onong'o anatha. Chaka chisanathe sankachitanso kukumbukira kuti awerame, msana unkangowerama wokha.

Lamlungu lina masana ali pakhonde, kandege kanadutsa pamwamba pa lokishi. Tabu anathamangira panja.

"Baba, taonani! Ndi yanu ija?"

Bashiri anamva kale kuti ndi iti, anamvanso kuti injini yake ikufuna kutsukidwa mapulagi.

"Khosi likundiwawa, mwanangu," anatero, maso ali pansi. "Undiuze ikapita."