Beseni la pa Eriyo

Inu amene mwatopa ndi moyo uno, khalani pansi ndikuuzeni za mayi wina.

Maliro a mwamuna wake anali opanda bokosi. Boti linapita kukagwira nsomba, namondwe anawomba, ndipo kadontho kosonyeza pamene botilo lili kanazima pa kompyuta ya kudoko. Opulumutsa anthu anazungulira panyanja osadziwa kolowera, n'kubwerako chimanjamanja. Mayiyu ankalirira pa jekete lakale la malemu, poti manda oti akalirepo kunalibe. Imfa yotere imapweteka kawiri.

Omupepesa ankati ndi mmene Mulungu anafunira. Iye ankavomera ndi mutu, koma mumtima munali funso limodzi: kadontho kaja kanazimiranji?

Funsolo linamufikitsa kwa mmisiri wa zamagetsi a m'maboti, nkhalamba yosachedwa kupsa mtima, m'kachipinda konunkha girisi kuseri kwa doko.

"Mayi, muno si mogulitsira nsomba," anatero mmisiriyo.

"Ndikudziwa, bambo. Ndiphunzitseni za kabokosi kamene kamauza akudoko kumene boti lili."

"Sukulu munalekezera pati?"

"Pochititsa manyazi. Koma manja ndili nawo."

Anayamba ndi kusesa. Kenako kupala dzimbiri pamitu ya mabatire, chifukwa madzi amchere ndi chitsulo sizimwerana madzi. Anapsa zala, anapsereza mafyuzi, tsiku lina anasemphanitsa mawaya n'kuotcha kabokosi katsopano. Mmisiri anakalipa mpaka akhwangwala anathawa padenga. Mayeso oyamba a ntchitoyi anagwa nawo. Asodzi anamutcha Mayi Mawaya, ndipo musaganize kuti linali dzina laulemu. Mayeso achiwiri anakhoza, koma mongokwawa.

Ndiye panabwera boti lovuta, limene mlongo wake wamwamuna wamng'ono ankagwiramo ntchito yophika. Padoko kabokosi kake kankagwira bwinobwino. Kunja kukacha bwino, kadontho kankaoneka mpaka kutali. Koma mvula ikangoyamba panyanja, kadontho zii! Ikakata, kankabwerera ngati palibe chachitika. Mayi Mawaya anachita nthumanzi. Mwamuna anali atapita kale, ndipo mwa abale a bere limodzi anali atatsala mlongoyu basi.

Anasintha batire. Anasintha waya wochokera ku eriyo, kachinthu koyera kooneka ngati bowa ka padenga la boti, kamene kamamva za ku setilaiti. Anamata molumikizira monse kuti madzi asalowe. Mvula yotsatira, kadontho kanazimanso. Mwini boti anayamba kunena zokaitana munthu wina.

"Matenda a botili sali padoko," anatero mmisiri uja. "Wodwala wochira dokotala akafika, umakamuonera kumene amadwalirako. Kwerani boti, mayi."

Chimwalirireni mwamuna wake, mayiyu anali asanakwere boti lochoka padoko. Nyanja ankaiopa, ankadananso nayo. Koma anakwera. Anasanza mpaka m'mimba kuuma, kenako anakhala pafupi ndi kabokosi, maso ali pa kanyali kake kobiriwira.

Masana kunja kunada. Madontho oyamba atangogwa, anamva mapazi padenga, ndipo posakhalitsa kanyali kaja kanafiira. Anatuluka akugwirira zitsulo, n'kupeza mlongo wake akumangirira beseni lachitsulo lotsukira mbale pamwamba pa eriyo.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Ndikuvindikira, achemwali, inganyowe. N'chodula chinthu ichi. Zamagetsi ndi madzi siziyenderana, inunso mukudziwa. Tonse timatero."

"Nonse ndani?"

"Maboti ambiri. Ineyo anandiphunzitsa ndi alamu, malemu aja. Ankachisamala ngati khanda."

Mayi Mawaya anangokhala pansi, pamadzi pomwepo. Eriyo ija anaipanga yoti izinyowa. Chimene siipirira ndi chitsulo pamutu pake, chifukwa chimaitseka makutu, kabokosi n'kusowa chouza akudoko. Mwamuna wake sanasowe chifukwa cha ulesi kapena mowa ayi. Anasowa chifukwa chosamala.

Mayiyu analira mokweza. Paja walira mvula walira matope: yankho analifuna yekha, ndipo linabwera lowawa kuposa funso.

"Chotsa beseni," anatero atapukuta kumaso.

Kanyali kanabiriwiranso.

Kuyambira pamenepo anayenda boti ndi boti. Ena ankamuseka, ena ankamutsutsa kuti iwo anabadwira m'madzi. Iye sankalimbana nawo. Ankatunga ndowa yamadzi n'kukhuthulira pa eriyo iwo akuona, kanyali osaphethira. Akatero ankavindikira ndi beseni, kanyali psuu! Asodzi ankakanda m'mutu, mabeseni n'kubwerera kukhitchini. Mmisiri uja maso atayamba kumuvuta, anamusiyira kachipinda kaja, akung'ung'udza monga mwa nthawi zonse.

Chaka chotsatira injini ya boti la mlongo wake inafa pakati pa namondwe. Mayi Mawaya anaimirira kumbuyo kwa woyang'anira kompyuta ya kudoko, osakhala pansi, osamwa ndi madzi omwe. Kadontho kankagwedezeka uku ndi uku, koma sikanazime. Opulumutsa anapita molunjika, ndipo anabwera nawo onse, akunjenjemera ndi chisanu koma amoyo. Mayi Mawaya anakumbatira mlongo wake, n'kumuperekeza kwa mkazi ndi ana ake. Iye anabwerera kunyumba yekha, kumene kunalibe womufunsa kuti wayenda bwanji.

Sindikunamizani kuti khama limabweza onse amene munataya. Silibweza. Koma funso limene likukuwawani musalikwirire. Lilondoleni ngakhale muli ndi mantha, ngakhale yankho lake likakulizeni, chifukwa pali wina amene adzafike kwawo wamoyo poti inu simunagwe mphwayi. Mtima wanuwo ugwireni zolimba, osautaya.