Tsiku limene ndinakonza foni ya amayi

Amayi anga sanapite kusukulu, koma foni yawo ya mabatani amaidziwa kuposa mmene ine ndimadziwira yanga. Zilembo sazizindikira, ndiye anthu awo anawasunga m'njira yawoyawo. Mkulu wa mpingo anali kamtanda. Amalume, amene amapha nsomba kuchilumba cha Mbenji, anali kachizindikiro kaja kooneka ngati ukonde. Mnzawo wa kusikimu ya mpunga anali maziro anayi, ati chifukwa amalankhula zambiri zopanda mutu. Onsewa ankawaimbira okha, ndipo ine ankandiimbira m'mawa uliwonse ndisanalowe m'kalasi ku Khombedza.

Tsiku lina nditapita kwathu ku Lifuwu ndinaitenga foniyo, uphunzitsi n'kundikwera m'mutu. Ndinaona ngati mwapalasa nkhuku. Ndinayamba kuwafunsa kuti uyu ndani, nanga uyu, iwo n'kumayankha uku akupeta mpunga, osadziwa kuti ndikufufuta zizindikiro zawo n'kulembamo mayina. Ndinabwerera ndikudzitama kuti ndagwira ntchito.

Panatha masabata awiri foni yanga ili zii. Ndikaimba ine, ankayankha mawu awiri n'kudula. Mtima sunakhale m'malo, ndinakwera minibasi.

Ndinawapeza pakhonde, foni ili pawindo yatuwa ndi fumbi.

"Amayi, mwadwala kodi?"

"Ndadwala chiyani? Iwe unabwera kudzandisamutsira anthu. Ndikatsegula muja ndikungoona nyerere. Achimwene ali kuchilumba, sindikudziwa ngati adzuka bwino. Ndiye ndizikagogoda kwa eni ake kuti andiwerengere foni yanga yomwe?"

Manyazi anandigwira kwambiri. Ine wophunzitsa ana kuwerenga ndinali nditafufuta buku la munthu chifukwa choti sindinkatha kuliwerenga. Chimene ndinkachiyesa foni chabe chinali mbali ina ya mutu wawo, yongokhala kunja.

Tinakhala pamphasa masana onsewo. Ine ndinkawerenga dzina, iwo n'kutchula chizindikiro chake, ndipo sanaphonye ngakhale chimodzi. Ena anawasintha pomwepo. Mnzawo uja anamuonjezera ziro wachisanu, ati masiku ano wanyanya. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo anthu amene ndinakula ndikuwaona ndinawadziwa bwino tsiku limenelo. Titamaliza anaimbira amalume, nkhope n'kumasuka atamva kuti kuchilumba kuli bwino.

Ndikutenga chikwama kuti ndizipita, ndinazindikira kuti dzina langa silinatuluke ponseponse.

"Nanga ine munandiika chizindikiro chanji?"

"Iwe mulibemo. Nambala yako ndimaidina ndekha, chala chimadziwa poyenda."

"Ndiye bwanji simunandiimbire masiku onsewa?"

Anapukuta foni ija ndi nsonga ya chitenje, osandiyang'ana.

"Ndikanaimba ukanabwera?"