Manja a Wankhuni Pachiwongolero cha Ndege

Manja angawa ndi amene anandilanda ndege. Ndinakulira kwa Nazombe, ndipo ntchito yanga inali kutsitsa nkhuni m'phiri la Mulanje pa njinga. Amene anatsetserekapo ndi njinga yotere akudziwa: mtolo wa pakeriyala umapitirira mutu wako, ndipo ukangofewetsa dzanja pahandulo umakadzidzimukira m'ngalande, mano ali pambali. Ikapendekera uku, iwe umaikokera uko msangamsanga, osaipatsa mpata.

Matipate atangoyamba, kampani ina yaing'ono ya ndege ku Blantyre inatenga achinyamata ochepa kuti iwaphunzitse kuulutsa, ine n'kulowa nawo. Zam'kalasi ndinkakhoza, koma mumlengalenga zinkandikanika. Mphunzitsi wanga, bambo wa imvi wosadziwa kukweza mawu, anachita kutopa n'kundiuza kuti ndege yaing'ono anaipanga kuti izidziwongola yokha. Mphepo ikaiweramitsa mphuno, liwiro limakwera, mchira umakanikizika pansi, mphuno n'kudzukanso. Changa chinali kupukusa kagudumu kotchedwa tirimu mpaka chiwongolero chipepuke, kenako n'kuchigwira ndi zala ziwiri basi. Mutu unkamva, koma manja anali ankhutukumve.

Tsiku lina m'mawa anandiuza mosabisa. "Mphwanga, lero ndi lomaliza. Ukalimbana nayonso, akuluakulu akuti ubwerere kwanu." Kenako, kaya pofuna kundilimbitsa mtima kaya kunditsiriza, anati tilunjike kwathu ku Phalombe.

M'kandege kaja munali mothina, mapewa athu akukhudzana, dzuwa likuwotcha pagalasi. Titayandikira phiri, mphepo inayamba kutinyamula ndi kutigwetsa. Mphuno inaweramira pansi, ine n'kukoka. Inaloza kumwamba, ine n'kukankha. Pofuna kukonza ndinkangowonjezera, mpaka ndege inayamba kugwedeza mutu ngati gulo pamtengo.

"Ika manja pamaondo," anatero mphunzitsi.

"Aphunzitsi, tigwatu!"

"Ndati pamaondo."

Ndinaika. Ndege inawerama, inadzuka, inaweramanso pang'ono, kenako phee, n'kumayenda bwinobwino popanda woigwira. Kunena zoona ndinapsa mtima. Miyezi yonseyi ndinkakhetsera thukuta chinthu chosafuna thandizo langa.

Ndiye kunabwera kamphepo kena, phiko lakumanzere n'kutsika. Sindinaganize n'komwe. Ndinangoona manja ali kale pachiwongolero atachifinya, ndipo kugwedeza kuja kunayambiranso, mwina kuposa poyamba. Pansi pathu panali madenga akwathu ndi minda ya chinangwa. Ndinalakalaka nditatsegula chitseko n'kuthawa, koma kumwamba kulibe potsikira, ndipo lamba anali atandimanga pampando.

"Siya, ndaitenga," anatero mofatsa, n'kuikhotetsa kubwerera.

Ndinafika kumudzi Loweruka ndi chikwama changa, ndikukonza mumtima mawu owauzira mayi anga. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Asanandipatse ndi mpando womwe, anayamba kuitana anansi.

"Bwerani, uja wafika! Tinakuonatu, mwanangu. Tinali kumunda, kandege koyera kakubwera, ine n'kuti ameneyo ndi wanga. Enawa amanditsutsa. Koma utafika pamwamba pathu penipeni n'kuyamba kuiweramitsa, kuidzutsa, kuiweramitsa, kutipatsa moni, onse anavomereza. Ine ndinaponya khasu n'kugwada pamzere pomwepo kukuyankha."

Anansi anaomba m'manja, wina n'kuliza nthungululu. Manyazi anandigwira, mawu onse ndinakonza aja n'kubalalika. Mayi anayang'ana chikwama changa, n'kuchinyamula kuyesa kulemera kwake.

"Nanga akupatsa tchuthi chachitali? Ubwerera liti?"

Ndinati sanandiuze.