Puleni Yotemedwa Mphini

Ndikukumbukira tsiku limene malume anga a Yohane anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Malumewo anabweretsera amayi bulangete, ife ana masiwiti. Bambo, omwe anali kalipentala pa Linthipe, anapatsidwa puleni yopalira matabwa, yokulungidwa m'nyuzipepala yonunkha girizi.

Bambo anailandira ndi manja awiri, naiyesa kulemera, nagwedeza mutu. Kenako anaitembenuza. Puleni yawo yakale inali yosalala kunsi ngati galasi. Iyi inali ndi mizere yokumbika, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Alamu, chitsulochi anachitema mphini ndani?"

Malume anaseka. "Ndi mmene ndinaigulira, alamu. Azungu amapanga choncho."

"Mzungu wake uti angawononge chitsulo chake?"

Tsono malumewa ndi amene anakana poyamba kuti mlongo wawo akwatiwe ndi kalipentala, ndipo bambo sanaiwale. Puleniyo sinalowe m'nyumba, inagona pansi pa nkhokwe. Sabata yomweyo munthu wina anabweza chitseko, ati n'chopindika. Kutacha bambo anadzicheka chala ndi sowo. Umboni unakwana. Anandituma kukaiponya m'chimbudzi.

Sindinapite molunjika. Kuseri kwa shedi ya bambo kunali kachidutswa ka mkungudza, ndipo ndinaiyendetsapo kamodzi kokha. Inatsetsereka ngati sopo. Kunatuluka kansalu ka thabwa kopyapyala, kopiringizika, konunkhira bwino. Apo m'pamene mantha anandigwira: mwana ngati ine, akundithandiza kukankha ndani? Ndinathamanga n'kuiponya, ndipo ndinamva phwa! pansi patali.

Pa Khirisimasi malume anafunsa ngati puleni ikugwira ntchito. Bambo anangoyang'ana kumbali. Malume sanapondenso pakhomo pathu. Amayi ankapita okha kukawaona. Bambo anamwalira awiriwo asanapatsanenso moni.

Mu 2018, Lamlungu lina nditaweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuno ku Leicester, kudziko la azungu, ndinadutsira pabwalo lina cha ku Oadby, pomwe anthu amagulitsa zinthu zakale m'mabuti a galimoto. Mzungu wina wachikulire anali atayala zida za ukalipentala. Ndinatola puleni imodzi, n'kuitembenuza monga ankachitira bambo. Mphini zomwe zija. Pambali pake panali mapuleni ena awiri a mphini zomwezo.

Mkuluyo anati mphinizo anazitema dala ku fakitale, ati kuti puleni isamamatire pa thabwa la utomoni, ngakhale akalipentala ena amatsutsa. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndine mwana wa bambo anga, sindikhulupirira msanga wogulitsa. Ndinadutsitsa chikhadabo m'mizeremo. Yonse inali yofanana, ntchito ya makina. Madzulo mwana wanga wamkazi anafufuza pa foni, ndipo zithunzi za mapuleni otere zinatuluka mbwee madzi a tiyi asanawire.

Masiku ano chikayikiro chotere chimatha choncho. Chathu chija chinadya zaka makumi atatu, komanso chibale.

Malume akadali moyo ku Dedza. Ndinatumiza chithunzi kwa msuweni wanga kuti akawaonetse. Yankho linabwera la mawu, onjenjemera ndi ukalamba.

"Mphwanga, zoti ndinalibe mlandu ndinkazidziwa kale. Chimene sindikudziwa n'chimodzi. Puleni yanga ija inapita kuti?"

Sindinawayankhebe.