Bambo Pakati pa Masipika

Fungo la asidi wa batire limandifooketsa mpaka lero. Dzulo ndinalimva pagalaja, ndipo mtima unabwerera kwathu ku Msakambewa.

Matipate atangoyamba kumene, ntchito ya bambo ya ukalaliki ku esiteti ya fodya inatha. Anabwera kumudzi ndi wailesi ya masipika awiri otalika ngati ine, yoyendera batire ya galimoto. Ankaika kaseti ya nyimbo zachizungu zopanda mawu, azeze okhaokha olira pang'onopang'ono, n'kukhala pampando pakatikati atatsinzina. Ankasuntha sipika pang'ono, kumvetsera, kuisunthanso.

"Tamverani, zeze wamkuluyo ali kumanzere," ankatero.

Kutsokomola unali mlandu. Ine ndi amayi tinkakhala pakhonde duu, mpaka batire kutha.

Tsiku lina masana azimayi atatu a kutchalitchi kwathu ankadutsa pamsewu. Atamva nyimbo zachisonizo n'kutiona titazyolika, anapatuka, nakhala pansi osapereka moni. Mmodzi anayamba kulira. Ine ndinasuzumira pawindo, ndinaona bambo sakugwedezeka, basi ndinabuma nawo.

Bambo anatuluka atakwiya. "Mukundisokoneza pokoma penipeni!"

"Pepani, mayi, timayesa kwagwa zovuta," anatero mmodzi.

"Palibe zovuta," anayankha amayi osadzutsa mutu. "Ndi mmene timakhalira."

Mudzi wonse unaseka nkhaniyi, koma amayi sanasekeko. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona kuti azimayi aja sanasochere khomo. Bambo anali atatisiyadi, kungoti tinkawaphikirabe.