Chigayo Chinalira pa Maliro a Mwini Wake

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa pasiwa. Munali mu Juni, ndipo chisanu cha kuno ku Sinda sichinyengerera nkhalamba. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, tsopano ankangowodzera mozungulira bokosi la alongo anga, atadzikulunga m'zitenje. Panja amuna anali atazinga moto wa zitsa.

Alongo angawo anali ndi chigayo cha dizilo m'mphepete mwa msewu. Chiyambireni anali ndi lamulo limodzi: chimanga cha maliro sichilipira. Munthu akafika ndi thumba n'kunena kuti kwathu kwagwa zovuta, onse a pamzere ankapatuka, chake n'kugayidwa, iye n'kumapita. Sanali munthu wofewa ayi, kukalipa ankakutha, koma apa pokha sankagwedezeka.

Atadwala matenda ofa ziwalo, chigayo chinagwera m'manja mwa mwana wawo wachisamba, Yona. Chinamugwera pa nthawi yoipa. Chilala chinali chitangotikwapula, dizilo akungokwera, thonje osagulidwa bwino, anthu akugayitsa kambalekambale. Zigayo zina za m'dera lathu zinatseka. Yona anakana kuchotsa antchito ake awiri, amuna a mabanja awo, koma anadula kwina: anati maliro nawonso azilipira. Ndinamuuza pamaso kuti maliro n'kulirana. Iye anati, "Azakhali, injini siimwa chisoni, imamwa dizilo." Atate ake ali gone pamphasa sitinawauze, ndipo anapita osadziwa.

Kutayera, amayi a m'midzi yoyandikana anayamba kufika. Kwathu kuno mayi aliyense amabwera pamaliro ndi ufa, ndipo ine ndi amene ndinkalandira kumafuwa. Woyamba atavundukula beseni lake, ndinaona chimanga chosagaya. Ndinati mwina anafulumira. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Ankagwada, kupepesa bwinobwino, kulowa m'nyumba kukalira, ndipo kulira kwake kunali kwenikweni, pakuti malemuwo ankawakonda. Palibe anatulutsa mawu oipa. Pakati pawo panali mayi wamasiye amene Yona anamubweza nthawi ya dzinja ndi chimanga cha maliro a mwamuna wake. Anakhuthula chake pamkeka, natenga ndowa kupita kumjigo ngati wina aliyense.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndipsere yani. Ufa wathu unali utatha usiku. Madzi ankabwata m'migolo, nkhuni zikutha, pamkeka mulu wa chimanga ukukula.

Anthu nawo ankangobwera. Ena pangolo, ena panjinga, abale a ku Vubwi pa lole yodzaza fumbi. Kunafikanso eni masitolo a ku Katete ndi zisoti zawo zoyera, amene alongo anga ankagulako malamba ndi masefa a chigayo. Mphepo ya mwera inkaulutsa phulusa m'maso mwa anthu, ana akulirira kumbuyo kwa amayi awo. Kenako kunabwera uthenga wochokera kumanda: adzukulu, amene anayamba kukumba m'mamawa, aimika makasu, akuti sakwirira munthu iwo ali ndi njala.

Yona ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, atavala suti, manja ali m'thumba. Anali ataona zonse.

"M'thanki mwatsala dizilo wa sabata ino yokha, azakhali," anatero. "Ndikamuwotcha lero, mawa nditseka. Anthu awiri aja ndikawauza chiyani?"

"Za thanki ine sindizidziwa," ndinamuyankha. "Ndikudziwa kuti atate ako agona m'nyumbamo, ndipo anthu awo ali ndi njala."

Ndinalankhula mouma, koma mumtima ndinamumvera chisoni, chifukwa mwanayo sankanama.

Kenako anapita pamene panakhala akuluakulu, nagwada. M'mudzi mukagwa maliro ntchito zonse zimaima, ndiye anayenera kupempha kuti atsegule chigayo. Mkulu wa adzukulu, amene anali atabwera kudzamva yankho, anati, "Mulekeni atsegule. Mwini wakeyo phokosolo analizolowera, silimudzutsa." Ena anaseka pang'ono, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Yona anapukusa injini yekha, suti ili m'thupi. Antchito ake anafika osaitanidwa. Amayi aja anawola chimanga chawo pamkeka, nawoloka nacho msewu ali mndandanda, mayi wamasiye uja ali pakati pawo. Posakhalitsa ufa unayamba kubwerera pamitu yomweyo, ukadali wofunda. Oyamba kulandira chakudya anali a kumanda.

Mwambo wa mapemphero unachitika chigayo chikulira. Abusa anayesa kukweza mawu, mphepo ndi injini n'kuwalaka, ndipo anangofupikitsa ulaliki n'kuyambitsa nyimbo. Dzuwa litapendeka tinanyamuka. Njira ya kumanda imadutsa pachigayo pomwepo, ndipo onyamula bokosi atafika pakhomo pake anaima okha, popanda wowauza. Yona anatuluka ali mbuu, ufa mpaka m'nsidze, nalowa pambuyo pa bokosi la atate ake. Palibe anamuuza kuti akadzikunthe.

Tikuika nkhata pamanda, tinamva injini kumudzi ikutsokomola, kenako inazima. Yona anaweramitsa mutu. Pobwerera aliyense anadya, ngakhale odutsa m'njira.

Madzulo anthu anabalalika. Lole ya ku Vubwi inapita, moto wa kumafuwa unasanduka phulusa, pakhomo panatsala ife a banja ndi agalu onunkhiza m'migolo. Dzuwa likulowa kunafika mayi wina wa kutsidya kwa dambo, beseni pamutu. Anagwada poteropo, napepesa, kenako ananena kuti mdzukulu wake wamwalira masana. Anayamba kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chake, pakuti lamulo latsopano ankalidziwa.

"Mangani chitenjecho, amayi," anatero Yona. "Siyani beseni pomwepo, mudzatenge ufa mawa."

Mayiyo atapita ndinamufunsa kuti agaya ndi chiyani. Anati sakudziwa. Anadzuka n'kupita kukhola, nakaima nthawi yaitali akuyang'ana ng'ombe ziwiri za ngolo zimene atate ake anasiya. Ng'ombezo mwa mwambo wathu n'za ife a mbumba ya malemu, osati za mwana wawo, ndipo ankadziwa kuti sangazipemphe. Ndinamutsatira n'kumuuza kuti akagulitse yakudayo, ndi yaulesi kale.

Ndinabwerera m'nyumba. Munali zii, mphasa ya alongo anga itapindidwa pakona. Ndinakhala pansi pafupi nayo, ndipo ndi pamene ndinalira.